Kupita ndi Banja ku Dziwe la M'nkhalango Kuno ku Domwe

Mwezi wa Sepitembala ukamapita kumapeto, minda itasosedwa koma mvula isanagwe, anthu ambiri kuno ku Domwe amapeza kampata kopuma. Ndiyo nyengo imene timaona mabanja, makamaka a aphunzitsi, anamwino ndi ena ogwira nchito pa Posto kapena ku vila ya Ulongwe, atasenza madengu ndi mikeka kulunjika ku timitsinje ta m'munsi mwa phiri. Ana a sukulu amati akupita ku pikiniki. Agogo akamva mau amenewa amangoseka, amati, "Kodi kudyera pansi pa mtengo nakonso kwasanduka cizungu? Nanga ife kumunda timadyera pati?" Agogowo sakunama. Kudyera kuchire ndi kusamba kumtsinje tidabadwa nazo. Cimene casintha n'cakuti lero munthu ayenera kuyenda mtunda ndithu kuti apeze dziwe la madzi oyera lokhala ndi mthunzi, pamene makolo athu ankalipeza kuseri kwa mudzi.

Tsono inu atsogoleri a makalasi, nkhani ino talembera inu. Ambiri mwa ophunzira anu ndi amai, ndipo palibe wina amene amakhalitsa kumtsinje kuposa iwo. Ndiwo amatunga, ndiwo amacapa, ndiwonso amapita ndi mwana ku cipatala akayamba kukodza magazi. Tifuna tifotokoze cimene cimakometsa dziwe, cimene cimaliononga, ndi mmene banja lingasankhire malo ndi tsiku kuti likasangalale n'kubwerako onse bwinobwino.

Tili kumutu kwa madzi

Tiyambe ndi pamene tikhala. Phiri la Domwe ndi lalitali pafupifupi mamita 2,100 kucokera pa nyanja ya mcere, ndipo dziko lonse la Angonia ndi lokwera. Pamene Angelezi ndi Apwitikizi ankagawana dziko m'pangano lao la mu 1891, malire a cigawo cino adawayendetsa pamsana pa mtunda umene umagawa madzi. N'cifukwa cake mukaima pa mseu wa pakati pa Dedza ndi Ntcheu, mvula yogwa mbali ya kum'mawa imatsikira ku nyanja ya Malawi ndi ku Shire, pamene yogwa mbali yathu imatsata mitsinje monga Lifidzi ndi Mawe, yambiri n'kukalowa mu Revubwe, amene amakathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete.

Munthu wa ku Moatize akaona madzi ofiira angathe kudandaula za anthu a kumtunda. Ife kumtunda kwathu kulibe munthu, kuli mitambo yokha. Dziwe lathu likada kapena likakwiririka ndi mcenga, wocita zimenezo ali m'mudzi momwemo, mwinanso tidakhala naye benci limodzi Lamulungu lapitali.

Kodi n'cifukwa ciyani madziwe abwino amapezeka pamene pali mitengo? Ena amaganiza kuti mitengo idangotsata madzi. Mbali ina ndi zoona, koma madzinso amatsata mitengo. Mvula ikagwa pa nkhalango imayamba yamenya masamba, n'kutsika pang'onopang'ono. Pansi imapeza masamba oola amene amamwa madzi ngati cinkhupule, ndipo madziwo amalowa m'nthaka motsata mizu ndi mauna a ciswe. Madzi olowa pansi mu Januwale ndi omwe amatuluka pa kasupe mu Okutobala, ozizira ndi osefeka. Koma mvula yomweyo ikagwa pa mtunda woyera mbee, imathamanga tsiku lomwelo itanyamula dothi la m'munda, n'kukalitaya m'dziwe. Pakapita zaka zingapo, pamene anyamata ankamira mpaka m'khosi pamakhala madzi a m'akakolo, ndipo cilimwe cikafika mtsinje umaduka, n'kutsala zithaphwi.

M'mbali mwenimweni mwa madzi muli mitengo yake: katope, mkuyu, mwimbi, mbawa, kanjedza, ndi nsungwi m'malo ena. Mizu yake imaluka gombe ngati dengu kuti lisagumuke. Mthunzi wake umaziziritsa madzi ndi kucepetsa ndere, ndipo tikafika pa nkhani ya likodzo muona kuti zimenezi n'zazikulu. Cakumtunda kuli misuku, mombo ndi tsamba, mitengo ya bowa ndi uci. Bulugamu ngwabwino pa mapaso ndi nkhuni, koma asabzalidwe pa kasupe, pakuti amamwa madzi ambiri caka conse.

Mitengoyi sidathe tsiku limodzi. Nthawi ya Apwitikizi atsamunda adatsegula minda ikuluikulu ya cimanga ndi mbatatesi, ndipo dziko litalandira ufulu mu 1975 yambiri mwa mindayo idalowa m'manja mwa CAIA, kampani ya boma ya ulimi. Kenaka nkhondo idafika. M'zaka za m'ma 1980 midzi yambiri ya Angonia idatsala mabwinja, anthu atathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo pofika 1992 othawa nkhondo m'Malawi adapitirira 1 miliyoni. Ife amene tidali ana nthawi imeneyo timakumbuka mmene mapiri a tsidya lija adayerera cifukwa ca nkhuni zimene tonsefe tinkafuna, pamene kuno chire linkabwerera m'minda yosiyidwa. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu adabwerera mwaunyinji mu 1993 ndi 1994, aliyense akufuna nsici, mapaso ndi munda. Pambuyo pake padabwera zigafa za fodya, mauvuni a njerwa, makala, ndi madimba a mbatatesi ndi matimati ofika mpaka m'madzi. Pa zonsezi palibe cimene tinganene kuti ndi chimo, pakuti munthu ayenera kudya ndi kugona m'nyumba. Komabe ndi zomwezi zimene zatitalikitsira dziwe.

Anzathu a ku Malawi aona zofanana nazo pa Dzalanyama, nkhalango ya m'malire kumpoto cakumadzulo kwa kuno. Idaikidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1922, ndipo mtsinje wa Lilongwe, umene mzinda wao waukulu umamwa, umacokera kumeneko. Anthu a m'tauni amapitako ndi mabanja kukasamba m'timitsinje take ta pamiyala. Koma oocha makala adaidya kwambiri, mpaka mu 2015 boma lidacita kutumizako asilikali kukalondera mitengo.

Dziwe lili ndi eni ake

Mukayang'ana bwino m'midzi mwathu muona kuti tizidutswa ta nkhalango totsala tili pa manda, pa dambwe, ndi pamalo pamene makolo ankathira nsembe. Acewa adali ndi madziwe ao opatulika. Ku Msinja, m'mphepete mwa Dzalanyama, kudali kacisi wa mvula wa Makewana pamodzi ndi dziwe lake. Angoni a Maseko nao, atabwerera kucokera ku Songea motsogozedwa ndi Cidyaonga ca m'ma 1870, adakhazikika m'tsinde mwa phiri lomweli la Domwe, ndipo ng'ombe zao zidafuna pomwera pake. Conco dziwe lililonse kuno lili ndi mbiri, ndipo lili ndi eni ake ngakhale mulipeze lili zii. Ife a mpingo sitithira nsembe pa dziwe, koma tiyenera kubvomereza kuti pamene nkhwangwa idaopa m'pamene madzi adapulumukira. Banja lisayale mkeka m'nkhalango ya manda kapena ya dambwe, mthunzi wake ukome cotani.

Mukafika m'mudzi wa eni, yambani mwapita kwa a mfumu kapena a nyakwawa kukapereka moni ndi kunena cimene mwadzera. Lamulo la madzi la mu 1991 limalola munthu aliyense kumwa, kusamba ndi kucapa mu mtsinje popanda kulipira kapena kutenga cilolezo. Koma lamulolo silikuuzani kuti doko la amai lili pati. Okuuzani ndi a mfumu, ndipo kawirikawiri amakupatsaninso mnyamata wokulondolerani njira.

Makolo adagawa mtsinje mwanzeru. Kumtunda kwenikweni ndi kotunga madzi akumwa, ndipo palibe woponda m'menemo. Kutsika pang'ono kuli madoko osambira, la abambo palokha, la amai palokha, pakati pali gomo kapena bango lochinga. Kumunsi ndi kocapira, ndipo kumunsi kwake ndi komwetsera ng'ombe. Munthu woyenda m'njira yodutsa pafupi ndi doko amaima patali n'kufuula, "Odi kumadziko!" Akamva kuti "Dikirani!" amatembenuka n'kudikira, ngakhale ali pa cangu. Mkamwini sasamba pamene apongozi ake angamuone, ndiponso mtsikana wotha msinkhu sabvula pamaso pa atate ake kapena atsibweni ake.

Pamenepa m'pamene mabanja ocokera ku vila amapunthwa. Iwo adaona pa kanema anthu akusambira pamodzi, bambo, mai ndi ana, tizobvala tating'ono, ndipo akafika amacita comweco pa doko la amai a m'mudzi, wailesi ili pakamwa. Amai aja, amene adadza ndi zocapa zao, amabwerera osanena kanthu, koma mawa lake mlendo wina aliyense adzapeza nkhope zokwinya. Coipitsitsa ndi telefoni. Wacinyamata akujambula mathithi, kumbuyo kwake kukuoneka nchembere ikusamba, madzulo cithunzi cili pa WhatsApp. Mlandu wotere ndi wobvuta kuuzimitsa. Ife tiona kuti banja lingathe kudyera pamodzi pa mthunzi umodzi, ana aang'ono n'kusewera m'madzi osaya pamaso pa onse, koma akulu posamba atsate madoko monga acitira eni mudzi, amai atamanga citenje, kapena kapulana monga ena anenera.

Kanyama kosaoneka

Tsopano tifike pa likodzo, ndipo apa tikhalitsapo pang'ono, cifukwa anthu ambiri amalidziwa dzina koma sadziwa mayendedwe ake. M'midzi ina mnyamata akayamba kukodza magazi amati wakula. Ai, wadwala.

Likodzo limadza ndi tinyongolotsi tokhala m'mitsempha ya magazi yozungulira cikhodzodzo. Woyamba kutiona adali dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, mu 1851 ku Cairo, ndipo mu 1915 Robert Leiper adaonetsa kuti tinyongolotsiti sitingacoke mwa munthu kulowa mwa mnzake popanda kudzera mu nkhono ya m'madzi. Ulendo wake uli motere. Wodwala akakodza m'madzi kapena m'mphepete mwake, mazira amene ali mu mkodzo amaswa. Timphutsi totuluka m'mazirawo timasaka nkhono zing'onozing'ono za m'madzi, zija zokhala pansi pa masamba ndi pa ndere. M'kati mwa nkhono timaswana kwa mwezi umodzi kapena kupitirirapo, kenaka timatuluka tambirimbiri tsiku ndi tsiku, makamaka dzuwa likakhala pamutu. Tikapeza khungu la munthu timaboola n'kulowa, osafuna bala, osafuna kuti munthuyo amwe madziwo. Mwina amangomva kuyabwa pang'ono. Magazi mu mkodzo amadzaoneka patapita miyezi iwiri kapena itatu, munthu ataiwala kale za tsiku la kumtsinje lija, n'cifukwa cake ambiri amanamizira zina.

Mwana wa likodzo amacepa magazi, amatopa msanga, m'kalasi amangosinza. Likakhalitsa zaka limaononga cikhodzodzo ndi impso, ndipo lingathe kuyambitsa khansa ya cikhodzodzo. Kwa amai kuli bvuto lina limene silichulidwa kawirikawiri. Mazira aja amakhazikikanso m'njira ya ciberekero, n'kucititsa zilonda, kutaya magazi, kuwawa pokhala malo amodzi ndi bambo, ngakhale kusabereka. Zizindikiro zake zimafanana ndi za matenda opatsirana pogonana, ndipo mai wosalakwa angathe kuimbidwa mlandu wa cigololo cifukwa ca nkhono ya pa doko locapira. Atsogoleri, nkhani iyi ikambeni m'kalasi mwaulemu koma mosabisa, ndipo ngati n'kotheka amai aikambe paokha ndi mai mnzao.

Nkhono zimenezi zimakonda madzi ofunda, oyenda pang'onopang'ono kapena ongoima, a udzu, bango ndi ndere: madamu, zithaphwi za m'dambo, ngalande za kudimba, ndi madziwe otsala mtsinje ukaduka. Madzi ozizira othamanga pamiyala pansi pa mthunzi siziwakonda. Taonani tsono mmene nkhani ya mitengo ikukumanira ndi ya likodzo. Mudzi ukadula katope ndi mkuyu, dziwe limasaya, dzuwa limalitenthetsa, ndere zimamera, nkhono zimaculuka. Ndipo nyengo imene tonse timalakalaka kusamba, Okutobala ndi Novembala, ndiyo nyengo imene madzi ali ocepa ndi ofunda koposa.

Palibe mtsinje umene munthu angalumbire kuti ulibiretu likodzo. Cimene banja lingathe ndi kucepetsa ngozi. Sankhani madzi oyenda, a pamiyala, kumtunda kwa midzi. Sambani m'mawa dzuwa lisanakwere, masana mukhale pa mthunzi n'kumadya. Mukatuluka dzipukuteni msanga ndi nsalu youma, ngakhale kupukuta pakokha si citetezo cokwanira. Khanda musaliviike mu mtsinje, litenthetsereni madzi pamoto. Timphutsi tija sitikhala moyo kupitirira masiku awiri tikasowa munthu, conco madzi otunga akakhala mu mtsuko masiku awiri ngabwino kusamba. Koposa zonse, pasapezeke wokodza kapena kucita cimbudzi m'madzi kapena pafupi nao. Mukangofika, bambo akumbe kadzenje patali ndi mtsinje, aonetse ana onse, ndipo pocoka akwirire.

Mankhwala alipo, dzina lake praziquantel. Ndi aja amagawidwa m'masukulu, mwana ataimitsidwa pa ndodo yoyezera msinkhu kuti adziwe mapiritsi angati. Amwedwe munthu atadya, pakuti pa njala amacititsa cizungulire ndi mseru. Amapha nyongolotsi zimene zili m'thupi, koma sachinga kuti munthu asatengenso akabwerera m'madzi omwewo. Ophunzira anu asabise ana tsiku logawa mankhwalawa.

Za tsiku lopita, ndi za madzi odzidzimutsa

Pa kalendala ya boma 25 Disembala ndi Tsiku la Banja, kwa ife Khirisimasi, ndipo ambiri amafuna kupita kumtsinje tsiku limenelo acibale a ku Tete ndi ku Lilongwe atabwera. Koma limeneli ndi tsiku la m'dzinja. Kuno kumapiri mvula ingathe kugwa pamwamba pa Domwe inu m'munsi muli padzuwa, ndipo madzi ake amatsika m'khwawa ngati khoma. Zizindikiro zake n'zocepa ndipo sizipereka nthawi: mitambo yakuda pa phiri, madzi kuyamba kufiira, masamba ndi timitengo kuyandama, mkokomo ngati wa lole ikubwera patali. Mukaona cimodzi mwa izi tulutsani ana, kwerani gomo la pambali, musathawire kumunsi motsata mtsinje, ndipo mapoto asiyeni. Akulu adati madzi saiwala khwawa, conco musayale mkeka kapena kusonkha moto m'khwawa louma ngakhale mcenga wake ukhale wosalala. Mu Januwale 2022, namondwe wa Ana atagwetsa mvula kumtunda, Revubwe adathyola mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize, ndipo mkulu wa boma la Tete adafera m'madzi a mtsinje womwewo galimoto itakokoloka. Ngati madzi adatenga galimoto, mwana wa zaka zisanu angalimbe?

Juni ndi Julaye kuno n'cisanu, palibe wofuna kubvula malaya. Mvula zoyamba za Novembala zimadza ndi mphenzi, ndipo pansi pa mtengo wautali kapena m'madzi si pokhala kukamagunda. Masiku abwino ndi a chuthi ca 25 Sepitembala ndi 4 Okutobala, kapena Loweruka lililonse la masabata amenewo.

Ngakhale m'cilimwe dziwe limapha. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, lidawerengera kuti mu 2021 anthu pafupifupi 300,000 adafa pomira m'madzi, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anai aliwonse adali mwana wosafika zaka 5. Mwana womira safuula monga timaganizira. Amangoti mutu tumphu, tumphu, kenaka zii, akulu khumi ali pomwepo akuseka, aliyense akuyesa kuti mnzake akuyang'ana. Pa banja lathu timacita motere: munthu mmodzi wamkulu amachulidwa dzina, amakhala pa mwala kuyang'ana madzi, osaphika, osagwira telefoni, ndipo akafuna kucoka amauza wina kuti, "Alamu, ana ali m'manja mwanu," winayo n'kuyankha. Mlondayo asakhale wolawa mowa. Mtsikana wa zaka 10 wobereka khanda kumsana si mlonda.

Madziwe okongola kwambiri, a pansi pa mathithi, ndiwo oopsa. Amene mudafikako ku Mulanje mukulidziwa Dziwe la Nkhalamba pa mtsinje wa Likhubula, kumene alendo amapita ndi zakudya kukaceza. Madzi ogwa kumwamba amakumba pansi, dziwe limakhala lakuya kuposa mmene lionekera, lozizira mocititsa dzanzi, ndipo pansi pa mathithi madzi amazungulira n'kukokera munthu m'kati. Madziwe athu ngaang'ono koma khalidwe lake ndi lomwelo. Yezani kuya ndi nsungwi ana asanalowe. Anyamata asadumphe cammutu, pakuti mvula ya caka catha idasuntha miyala ndi zitsa. Ng'ona n'za kucigwa, ku Zambezi ndi kumunsi kwa Revubwe, ndipo amene adazolowera timitsinje ta kuno asakacite zomwezo akapita kumeneko.

Wina akamira, musadumphiremo ngati simudziwa kusambira, maliro angakhale awiri. Gonani cafufumimba pa gombe, mponyereni nsonga ya nsungwi, cingwe kapena citenje, kapena cigubu copanda kanthu cotseka bwino. Mukamtulutsa, za kumzondotsa mutu pansi kapena kumponda pamimba kuti asanze madzi zisiyeni, zimangotaya nthawi. Ngati akupuma, mgonekeni cammbali, mfunditseni zouma, mupite naye ku cipatala ngakhale aoneke kuti ali bwino. Ngati sakupuma, mgonekeni cagada pamalo olimba, kwezani cibwano, tsinani mphuno, muuzireni mpweya m'kamwa kasanu, kenaka dinani pakati pa cifuwa mwamphamvu ka 30 n'kuuzira kawiri, mobwerezabwereza, wina akuthamangira thandizo. Mukapempha anamwino a pa cipatala ca kwanu kuti adzaonetse kalasi zimenezi pa cidole, ola limodzi likwana.

Za kamba sitinena zambiri, amai akudziwa kuposa ife: nkhuku, mbatatesi zokazinga, cigumu, thobwa, ndipo masuku akayamba kugwa ana amatola okha. Koma madzi akumwa nyamulani a pa mjigo, kapena wiritsani, kapena thiranimo Certeza. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 idapha anthu ambiri ku Malawi ndi kuno ku Mozambique, ndipo madzi oonekera mpaka pansi angathe kukhala nayo. Funsaninso ngati kumtunda kuli madimba, pakuti alimi ena amatsukira mu mtsinje mapampu opopera mankhwala a matimati ndi mbatatesi. Nkhuni tolani zouma, musadule mtengo wauwisi cifukwa ca mphika umodzi. Okutobala udzu uli gwaa, conco moto uzimitsidwe ndi madzi mpaka phulusa lizizire. Majumbo, mabotolo ndi zitini zibwerere m'dengu mmene zidadzera, botolo losweka m'madzi limadikira phazi la mwana wa eni mudzi. Ndipo ngakhale Mozambique adalengezedwa mu 2015 kuti mabomba okwirira odziwika onse adacotsedwa, zipolopolo ndi zitsulo zina za nkhondo zimavumbuluka nthawi zina gombe likagumuka. Mwana akaona citsulo cacilendo asacigwire, auze akulu, akuluwo auze a mfumu ndi apolisi.

Mtsinje m'kalasi

Nkhani yonseyi ingathe kukhala phunziro la masabata awiri kapena atatu. Mau akuti dziwe, mtsinje, nkhono, mthunzi ali ndi maphatikizo aja obvuta, dzi, mtsi, nkho, mthu, amene ophunzira amakakamira nao, ndipo amawagwira msanga akamanena za cinthu cimene amaciona tsiku ndi tsiku. Tulukani panja, jambulani mtsinje wa kwanu pa dothi kuyambira ku kasupe, ophunzira aike miyala pamene pali madziwe, masamba pamene patsala mitengo, makala pamene ana amakodza magazi kwambiri. Kawirikawiri makala ndi masamba sizikhala pamodzi, ndipo iwo adzaona okha inu musananene.

Kenaka atumeni kwa agogo ao akafunse maina a madziwe, ngakhale a madziwe amene adakwiririka. Dzina lililonse lili ndi cifukwa: pena padamira ng'ombe, pena ankabisalapo anthu nthawi ya Cikuse kapena ya nkhondo yapitayi, pena ankasambitsirapo anamwali. Maina amenewa sali pa mapu a boma, ndipo amene akuwadziwa akutha. Wophunzira alembe yekha dzinalo ndi ziganizo ziwiri kapena zitatu, ngakhale zilembo zikhale zokhota, inu musamlembere. Lembaninso dzina la wofotokozayo ngati walola, mudzi wake, ndi caka cimene dziwelo lidaphwa ngati akukumbuka.

Kalasi ikafuna kupita patsogolo, iuzeni kuti lamulo la malo la mu 1997 lidaika malo a mamita 100 kuzungulira kasupe kukhala otetezedwa, kutanthauza kuti palibe munthu angawatenge kukhala akeake. Mamita 100 ndi mapazi aakulu a munthu wamkulu pafupifupi 120, ndipo ophunzira angathe kukayeza okha n'kulemba cimene apezamo. Pepala limenelo likaperekedwe kwa a mfumu pabwalo, osati kwa mwini dimba pamaso, pakuti mwini dimbayo nayenso ali ndi ana odyetsa, ndipo nkhani ya pamene angasamukire ndi ya bwalo. Mbeu za katope ndi za mbawa zimamera mosabvuta m'timachubu zikafesedwa zikadali zatsopano. Zikafesedwa mvula ya caka cino, mbande zake zidzakhala zokonzeka kuokedwa m'mbali mwa mtsinje mvula ya caka camawa ikakhazikika, ndipo zidzafuna mpanda wa minga cifukwa ca mbuzi.